Kuyezedwa tulo chifukwa chobanika usiku: zimene mukakumane nazo mukachoka ku Chipata

Munthu wobanika kutulo sadziwa kuti amabanika. Amadziwa ndi amene amagona naye chipinda chimodzi. Kwathu anali amai a kunyumba amene anayamba kunena kuti mkonono wanga umaduka pakati, ndimakhala zii osapuma, kenako ndimadzidzimuka motsamwa n'kuyambiranso mkonono uja. Ine ndinkangodziwa za masana: kudzuka mutu ukupweteka, kukamwa kutauma, kusinza pamsonkhano ndi m'tchalitchi, ndi BP yokana kutsika chikhalirecho mankhwala ndinkamwa mosadumphitsa. Usiku ndinkadzukadzuka kukataya madzi mpaka ndinaopa kuti ndi shuga, koma atandiyeza anapeza shuga ali bwino. Adokotala ndiwo analumikiza zonsezi. Anati zikuoneka ngati matenda obanika kutulo otchedwa sleep apnea, ndipo kuti atsimikize ndiyenera kugona usiku wonse nditavekedwa zipangizo zoyezera. Ndikulemba kuti wina wa kuno Kum'mawa akauzidwa zomwezi adziwe chimene akukachita, chifukwa ulendowu umadya ndalama ndipo usiku woyezedwa ndi umodzi wokha. Ukawonongeka, mumalipiranso.

Munthu akagona, minofu ya pakhosi ndi ya lilime imafooka. Kwa ena njira ya mpweya kuseri kwa lilime imachepa mpaka kutsekeka, monga mmene kapaipi kapulasitiki komwera maheu kamaphwafukira ukakoka mwamphamvu. Chifuwa chimakokabe koma mpweya sulowa. Okosijeni m'magazi amatsika, ubongo umamudzidzimutsa munthuyo kwa masekondi ochepa kuti khosi litseguke, mtima umathamanga, BP imakwera, ndipo amagonanso osakumbukira kanthu. Zikachitika kambirimbiri usiku umodzi, munthu amakhala pabedi maola 8 osagona tulo teniteni. Kukodza pafupipafupi kuja kumachokeranso pomwepa: kukoka mpweya khosi lili lotseka kumapanikiza mtima, ndipo mtimawo umatulutsa mahomoni ochititsa impso kutaya madzi ambiri. Vutoli likalekereredwa limawonjezera chiopsezo cha sitiroko, matenda a mtima ndi ngozi za pamsewu.

Asanakutumizeni kokayezedwa, adokotala amafunsa mafunso 8 otchedwa STOP-BANG: ngati mkonono wanu umamveka mpaka chipinda china, ngati mumatopa kapena kusinza masana, ngati wina anakuonani mukusiya kupuma, ngati muli ndi BP, ngati BMI yanu (nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu) yapitirira 35, ngati mwapitirira zaka 50, ngati khosi lanu likuposa masentimita 40 pozungulira, ndi ngati ndinu mwamuna. Woyankha inde pa mafunso 5 kapena kuposerapo ali pachiopsezo chachikulu. Khosi mungadziyeze nokha ndi tepi ya atelala. Palinso pepala la Epworth lofunsa mmene mumasinzira m'malo 8, monga powerenga, poonera TV ndi pokwera galimoto kwa ola lathunthu. Malo alionse mumapereka mfundo kuyambira 0 mpaka 3, zonse pamodzi 24, ndipo kupitirira 10 ndiye kuti kusinza kwanu kwadutsa muyezo. Anthu oonda nawonso amadwala, makamaka a chibwano chaching'ono kapena a matonsi akuluakulu, ndipo amai ambiri amayamba atasiya kusamba.

Pitani ndi amene mumagona naye, chifukwa mafunso ena inu simungawayankhe. Ngati sangathe kubwera, akujambuleni pafoni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu muli mtulo, chifuwa chikuoneka ndi mkonono ukumveka. Kavidiyo kotere kamathandiza adokotala kuposa kufotokoza kwanu konse. Funso lokhudza kusinza pachiwongolero liyankheni moona. Ndikudziwa kuti madalaivala a malole ndi a maminibasi amaopa kuti akavomera ntchito itha. Koma amene wayendapo m'mapiri okhotakhota oyandikira ku Luangwa akudziwa kuti masekondi awiri otsinzina ndi okwanira kutha basi yonse.

Ine ananditumiza ku Lusaka, kuchipatala cholipira, ndipo tsiku linapezeka patapita masabata angapo. Musakwere basi musanaimbe foni. Funsani kuti akakuyezani mwa njira iti, chifukwa zilipo ziwiri. Funsani ngati mtengo umene akutchula ukuphatikiza kuwerenga zotsatira ndi kudzaonana ndi adokotala pambuyo pake, popeza kawirikawiri zimenezi zimalipiridwa padera. Funsani ngati zotsatira angakutumizireni pa WhatsApp kapena pa imelo kuti musayendenso ulendo wina chifukwa cha pepala lokha. Ngati mumadalira NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Zambia) kapena inshuwalansi ya kuntchito, fufuzani musanapite ngati imalipira kuyeza kumeneku pachipatala chimenecho, ndipo yankho likhale lolembedwa. Funsaninso ngati ali ndi jenereta kapena mabatire oti magetsi akazima pakati pa usiku makina asaleke kulemba. Powerengera ndalama musaiwale basi popita ndi pobwera, malo ogona masiku awiri, chakudya ndi matakisi a m'tauni. Kwa ine zimenezi pamodzi zinakhala gawo lalikulu ndithu la ndalama zonse.

Njira yoyamba ndi yogona kuchipatala usiku wonse, yotchedwa polysomnography. Yachiwiri ndi kakachipangizo kopita nako kunyumba: kapaipi ka m'mphuno, lamba mmodzi kapena awiri a pachifuwa, ndi kopana chala koyeza okosijeni m'magazi. Yachiwiriyi ndi yotsika mtengo ndipo imakwanira kwa munthu amene zizindikiro zake n'zoonekeratu, alibenso matenda ena aakulu. Koma ili ndi chilema chimene anthu ambiri sauzidwa. Zambiri mwa zipangizozi siziyeza ubongo, choncho sizidziwa ngati muli mtulo kapena mukungoyang'ana kudenga. Tinene kuti mwabanika nthawi 90 usiku umodzi. Makina akagawa ndi maola 8 amene anayaka, apeza pafupifupi 11 pa ola, n'kuoneka ngati vuto laling'ono. Koma ngati munagona maola 5 okha, chiwerengero chenicheni ndi 18, chimene chili m'gulu lina. Choncho kuyeza kwa kunyumba kumakonda kuchepetsa vuto. Odwala mtima wofooka, matenda aakulu a m'mapapo, amene anachitapo sitiroko, ndi omwa mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, amayenera kugona kuchipatala. Kwa ife a ku Chipata palinso china: kachipangizoko kamabwezedwa m'mawa mwake, ndiye "kunyumba" kumakhala kwa m'bale ku Lusaka, mwina pamatiresi pabalaza, ana akudutsadutsa. Ngati zili choncho, ganizirani bwino ngati tulo ta pamenepo tingafanane ndi tanu ta masiku onse. Ine ndinasankha kugona kuchipatala.

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pamsewu wa Great East ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo basi imadya tsiku lonse. Fikani kutatsala tsiku limodzi. Munthu wa vuto limeneli akakhala pampando wa basi amagona asanafike n'ku Katete komwe, kudzuka pang'ono pa Luangwa Bridge, n'kugonanso mpaka ku Chongwe. Akapita kukayezedwa madzulo omwewo tulo tabwera kale masana, ndipo usiku maso amakhala gwa. Musayendetse nokha galimoto ulendo umenewu.

Cholinga cha kukonzekera konse n'chakuti usiku umenewo ufanane ndi usiku wanu wa nthawi zonse. Masana a tsikulo musagone. Kuyambira 12 koloko masana musamwe tiyi, khofi, Coca-Cola kapena zakumwa zopatsa mphamvu. Mowa amaletsa tsiku limenelo chifukwa umafoola minofu ya pakhosi n'kukulitsa kubanika, koma ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse nenani kwa adokotala pasadakhale, popeza kusiya mwadzidzidzi n'koopsa ndipo iwo ndiwo akuuzeni chochita. Mankhwala anu a BP kapena a shuga imwani monga mwa masiku onse pokhapokha atakuuzani zina, ndipo mutenge mapaketi ake akawaone. Tchulani chilichonse chogonetsa chimene mumamwa, kaya Piriton, diazepam, tramadol kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Mukagwidwa chimfine chotseka mphuno, imbani foni asinthe tsiku, chifukwa zotsatira zake sizikhala zanu zenizeni.

Sambani mutu ndi sopo ndipo musadzole kanthu, kaya Vaseline, glycerine kapena mafuta a m'tsitsi, ngakhale kumaso, pachifuwa ndi m'miyendo. Mafuta amalepheretsa timawaya kumatirira pakhungu. Kwa amai nkhani ya tsitsi ndi yofunika kuidziwa musanawononge ndalama ku saluni: wigi imavulidwa, ndipo meshi yosokerera kapena malukidwe othinana amatseka malo amene akufuna kufika pakhungu la mutu. Funsani pafoni ngati malukidwe anu angalole, apo ayi masulani. Chala chimodzi chikhale chopanda Cutex ndi chikhadabo chomata. Abambo amene amameta ndevu amete tsikulo, popeza tiziputu ta ndevu timavuta kuposa ndevu zazitali. Zovala zogonera zikhale ziwiri, malaya otakasuka ndi kabudula kapena thalauza, chifukwa mawaya amadutsa mkati kupita pachifuwa ndi m'miyendo. Chitenje chokha kapena diresi lalitali zimavutitsa. Tengani pilo wanu, ndipo ngati ndi mu June kapena July tenganinso bulangete ndi masokosi, chifukwa chala chikazizira kopana kaja sikawerenga bwino. Idyani nsima yanu monga mwa nthawi zonse, osakhutitsa.

Ndinauzidwa kufika cha m'ma 7 koloko madzulo. Chipinda chinali cha munthu mmodzi, bedi wamba, kamera pakona ndi kosipika kolankhulirana ndi woyang'anira amene amakhala chipinda china. Kuvekedwa kumatenga pakati pa theka la ola ndi ola lathunthu, mutakhala pampando. Amayamba ndi kuyeza mutu ndi tepi n'kuika timadontho ndi pensulo yofewa. Pa kadontho kalikonse amakhula khungu ndi mankhwala okhakhala ngati mchenga, amene amawawa pang'ono, kenako amamata kachitsulo kakang'ono ndi phala loyera lolimba. Za pamutu zimawerenga ubongo kuti adziwe ngati mwagona ndi mtundu wa tulo timene muli. Ziwiri pafupi ndi maso zimaona kuyenda kwa maso, chizindikiro cha tulo ta maloto. Za pachibwano zimaona kufooka kwa minofu ndi kukukuta mano. Pachifuwa amamata zoyeza kugunda kwa mtima, ndipo pamsongolo wa mwendo uliwonse zoona ngati miyendo imagwedezeka usiku. Kenako malamba awiri otanuka, wina pachifuwa wina pamimba, kapaipi kolowa pang'ono m'mphuno, kakawaya kena pamwamba pa mlomo komva kutentha kwa mpweya wotuluka, kamaikolofoni pakhosi, ndi kopana chala kowala mofiira. Timawaya tonse timapitirira 20 ndipo timakumana m'kabokosi kamodzi pafupi ndi pilo.

Malamba awiri aja ndiwo amasiyanitsa mitundu ya kubanika. Malamba akamayenda koma m'mphuno mulibe mpweya, ndiye kuti khosi latsekeka, ndipo umenewu ndi mtundu wofala. Malamba akaima pamodzi ndi mpweya, ndiye kuti ubongo sunatumize lamulo lopuma, mtundu umene umaoneka mwa odwala mtima wofooka, a sitiroko ndi omwa mankhwala amphamvu opha ululu. Chithandizo chake chimasiyana. N'chifukwa chake lamba akamasuka kapena akakuthinani muyenera kunena msanga, osamusuntha nokha.

Nditadziona pagalasi ndinachita manyazi, ndipo mumtima munali mantha awiri. Oyamba anali oti mawaya onsewa pamutu angandigwiritse shoko. Sizingatheke, chifukwa timawayato timangomvetsera, sititumiza magetsi m'thupi, ndipo palibe jakisoni kapena kutenga magazi. Achiwiri anali oti sindigona, ndalama zipita pachabe. Woyang'anira anali mnyamata wodekha, ndipo anati, "Atate, musavutike. Aliyense amanena zomwezo. Inu mungogona, ntchito yotsala ndi yanga." Asanazimitse magetsi analankhula pakasipika kaja: "Atate, tsegulani maso. Tsinzinani. Yang'anani kumanzere, kumanja, mutu usayende. Phethirani kasanu. Lumani mano. Gwirani mpweya. Pumirani m'mphuno mokha. Gwedezani phazi lamanzere." Amachita zimenezi kuti aone pakompyuta kuti kawaya kalikonse kakugwira ntchito yake. Foni amapempha kuti izimitsidwe.

Tulo timachedwa kubwera pamalo achilendo, ndipo oyeza amadziwa zimenezi. Amalemba kwa maola osachepera 6, koma simuyenera kugona onsewo kuti apeze yankho. Anthu ambiri amadzuka akulumbira kuti sanagone n'komwe, pamene ubongo ukuonetsa maola angapo a tulo. Kutembenuka n'kololedwa. Mukafuna kuchimbudzi mumangolankhula, amabwera kudzachotsa chingwe chimodzi, kabokosi kaja n'kukakolowekani m'khosi. Kawaya kakamatuka amalowa mwakachetechete ndi tochi kudzakamatanso.

Zinthu ziwiri ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Choyamba, akakupemphani kugona chagada, gonani chagada ngakhale simukonda. Pogona chagada lilime limagwera kumbuyo ndipo kwa anthu ambiri m'pamene kubanika kumachuluka. Mukagona chammbali usiku wonse pofuna kuti zotsatira zituluke zabwino, mwadzinamiza nokha ndi ndalama zanu. Chachiwiri, musapemphe kumasulidwa 3 koloko mbandakucha poti mwatopa kapena mukuthamangira basi yobwerera. Tulo ta maloto, timene palipoti amalemba kuti REM, timachuluka chakum'bandakucha, ndipo m'tulo timeneti minofu imafookeratu, kubanika kumatalika, okosijeni amatsika kwambiri. Pali anthu amene vuto lawo lalikulu limaoneka nthawi yokhayi. Tikiti yobwerera igulidwe ya tsiku lotsatira.

Malo ena amagawa usiku pawiri. Akaona m'maola awiri oyamba a tulo kuti kubanika kwachuluka kwambiri, cha m'ma 40 pa ola, amakudzutsani n'kukuvekani kumaso chigoba cha makina opopa mpweya otchedwa CPAP kuti maola atatu kapena kuposerapo otsalawo apeze mphamvu ya mpweya yokuyenerani. Kwa munthu wochokera kutali zimenezi zimapulumutsa ulendo wachiwiri, choncho funsani pa tsiku loimba foni lija ngati amachita zotere, ndipo adokotala alembe chilolezo chake pakalata yanu.

Amadzutsa cha m'ma 5 kapena 6 koloko. Kumasula kumatenga mphindi zochepa. Phala la m'mutu limachoka ndi madzi ofunda ndi sopo, ozizira amangolilimbitsa, ndipo chipewa kapena duku zimathandiza panjira. Woyang'anira sakuuzani zotsatira ngakhale mum'chonderere, chifukwa si udindo wake. Zolembedwa za usiku wonse zimadulidwa m'timagawo ta masekondi 30, kotero maola 7 ndi timagawo 840, ndipo munthu wophunzitsidwa amayang'ana kamodzikamodzi asanapereke kwa adokotala. N'chifukwa chake zotsatira zimatenga masiku, nthawi zina sabata imodzi kapena ziwiri. Kudikira kumeneku kunandisowetsa mtendere kuposa usiku wa mawaya uja, chifukwa tsopano ndinkagona ndikudziwa chimene chikuchitika pakhosi panga.

Zikatuluka, pemphani lipoti lonse, osati chiganizo chimodzi chonena kuti muli ndi sleep apnea. Nambala yaikulu ndi AHI, kutanthauza kuti pa ola lililonse la tulo mumabanika kangati. Amawerengera kuleka kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, ndiponso kuchepa kwa mpweya kwa nthawi yomweyo kumene kwatsitsa okosijeni kapena kwadzidzimutsa ubongo. Kwa wamkulu, pansi pa 5 ndi bwinobwino, 5 mpaka 15 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 30 lapakati, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi lalikulu. Yanga inapitirira 30. Nditaiona ndinachita mantha, komanso mtima unakhala pansi pozindikira kuti kutopa kwa zaka zonse zija kunali matenda, osati ulesi kapena ukalamba.

Musaime pa AHI yokha. Onani maola amene munagonadi, chifukwa ngati anali ochepa kwambiri kapena munalibe REM, nambala ija ingakhale yotsika kuposa zoona. Onani AHI ya chagada poyerekeza ndi ya chammbali: ngati ya chagada ikuposa kawiri, kusintha kagonedwe kungathandize kwambiri. Onani pamene okosijeni anatsikira kwambiri ndi mphindi zimene anakhala pansi pa 90 peresenti, podziwa kuti munthu wabwinobwino ali maso amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Apa pali mfundo yotikhudza ife akhungu lakuda: kopana chala kaja nthawi zina kamaonetsa okosijeni wokwererapo kuposa amene alidi m'magazi, ndiye nambala yooneka yabwinoko isachititse kuti zizindikiro zanu zinyalanyazidwe. Lipoti limanenanso za kugwedezeka kwa miyendo ndi kagundidwe ka mtima. Lijambuleni pafoni ndipo pepala lenilenilo mulisunge, chifukwa amene azikuonani kuno ku Chipata adzalifuna.

Kwa vuto lapakati ndi lalikulu chithandizo chodalirika ndi CPAP, makina amene Colin Sullivan wa ku Sydney anawafotokoza koyamba mu 1981. Amapopa mpweya wamba wa m'chipinda kudzera m'paipi ndi chigoba kuti khosi lisaphwafuke. Si makina a okosijeni, ndipo makina a okosijeni amene anthu ena anagula nthawi ya Covid sangalowe m'malo mwake, chifukwa satsegula khosi. Mphamvu ya mpweya imatcheredwa pakati pa 4 ndi 20, ndipo pali makina ena amene amadzisinthira okha malinga ndi mmene mukupumira. Kunena mosabisa, makinawa anandidyera ndalama zambiri kuposa kuyezedwa, ndipo sizithera pogula: chigoba, paipi ndi timasefa zimatha n'kufuna zatsopano. Chigoba chiyeseni mutagona, makina akupopa, musanalipire. Chilipo cha mphuno yokha, cha timapilo tolowa m'mphuno, ndi chophimba mphuno ndi pakamwa cha amene amagona kukamwa kuli yasa. Chikamatulutsa mpweya m'mbali n'kumaumitsa maso, kukoka zingwe mwamphamvu sikuthandiza, kumangosiya zilonda pamphuno. Kawirikawiri ndiye kuti saizi kapena mtundu wake si wanu.

Musanagule ganizirani za magetsi. CPAP imathandiza usiku umene mwaivala wokha, ndipo magetsi akazima kubanika kumabwerera usiku womwewo. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, kunatiphunzitsa kuti batire iyenera kuwerengeredwa pamtengo wa makina. Funsani ngati makinawo ali ndi chingwe chake cholumikiza mwachindunji ku batire, chifukwa kudzera mu invata kumataya mphamvu ina. Chimene chimadya batire kwambiri ndi chotenthetsera madzi onyowetsa mpweya, ndiye usiku wopanda magetsi chizimitseni. Magetsi akazima muli mtulo chigobacho sichingakutsamwitseni, popeza chili ndi timabowo totulutsira mpweya, ndipo mumangodzuka n'kuchivula. Timabowoto musatitseke ndi tepi poganiza kuti n'kuchucha.

M'kathanki ka madzi muziika madzi otchezedwa a ku famasi. Akasowa, owiritsa n'kuzizira amagwira ntchito, koma a pachitsime kapena pamjigo amasiya zoyera zouma pansi, zofunika kutsuka ndi viniga. Madzi otsala atayeni m'mawa uliwonse. Kasefa kamada msanga ndi fumbi la mu August mpaka October, choncho muzikayang'ana sabata iliyonse ndipo makina asakhale pansi. Neti ya udzudzu musaisiye: makina akhale kunja pa katebulo, paipi ilowe pansi pa neti chakumutu, neti n'kuipisira bwino m'matiresi mbali zonse ziwiri za paipiyo. Ngati m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK akufuna kukutumizirani makina ogwiritsidwapo kale, funsani dzina ndi chaka chake. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri, kuphatikizapo DreamStation yoyamba, chifukwa siponji ya mkati yochepetsa phokoso inkatha kufumbutuka n'kulowa m'njira ya mpweya. Makina alionse akale ayenera kutcheredwanso pa mphamvu yanu, ndipo chigoba ndi paipi zikhale zatsopano.

Masabata oyamba ndi ovuta. Ndinkapezeka nditavula chigoba mtulo osadziwa, mphuno inkauma, m'mimba munkadzaza mpweya. Chimene chimathandiza ndi kuvala chigobacho madzulo muli maso, mukumvera wailesi, kuti thupi lizolowere, komanso kugwiritsa ntchito batani loyambitsa mpweya pang'onopang'ono. Madokotala amawerengera maola 4 pa usiku ngati poyambira, koma phindu lenileni lili pa kuvala usiku wonse, pa chifukwa chomwe chija cha tulo ta m'bandakucha. Kwa ine chinayamba kusintha ndi kudzuka kokataya madzi, kenako mutu wa m'mawa, ndipo kusinza masana kunatha pang'onopang'ono. Makina ambiri amasunga zolemba pakakhadi kapena kuzionetsa pagalasi lake: maola amene mwavala, kuchucha kwa chigoba, ndi AHI yotsala, imene iyenera kukhala pansi pa 5. Zimenezi muzipita nazo kwa adokotala. Mankhwala a BP musasiye nokha ngakhale mukumva bwino. Iwo ndiwo aone ngati pakufunika kusintha.

Amene vuto lawo ndi laling'ono, kapena limabwera pogona chagada pokha, nthawi zina safunika makina. Kusokerera kampira ka tenisi kumsana kwa malaya ogonera kumaletsa kugona chagada. Kuchepetsa thupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kumatsitsa AHI ndi pafupifupi kota. Kusiya mowa wa madzulo, kuchiza mphuno yotsekeka, ndi kachipangizo ka m'kamwa kopangidwa ndi dokotala wa mano kokankhira chibwano kutsogolo, zonsezi zili ndi malo ake. Mwana woliza mkonono n'kumabanika nkhani yake ndi ina: kawirikawiri ndi matonsi ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno, ndipo manambala a akuluakulu aja sagwira ntchito pa iye.

Mukadzafuna opaleshoni iliyonse, ngakhale yaing'ono, uzani wogonetsa kuti muli ndi vutoli ndipo mumuonetse lipoti lija, chifukwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amatsekanso khosi. Mukagonekedwa m'chipatala pitani ndi makina anu. Ndipo ngati munayezedwa ndi kachipangizo ka kunyumba n'kuuzidwa kuti muli bwino, koma amene mumagona naye akukuonanibe mukusiya kupuma ndipo masana mukusinzabe, bwererani kwa adokotala mukapemphe kuyeza kogona kuchipatala.